Ndidzalavula Madzi pa Geti

Tikambenji mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku Chongwe kokalukitsa tsitsi, atate ako ali kuseri akulimbana ndi zipi ya sutikesi yako. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Ndola kukayamba digiri ya ntchito ya mu labu, ntchito yomwe ine ndaigwira ndi satifiketi yokha kuyambira iwe usanabadwe. Chiyambire Lamlungu sukundiyankhula. Ndikati Tika, umangoti "ee amami", maso ali pa foni. Sindikufuna uchoke m'nyumba muno zinthu zili chonchi, koma ndikayamba kuyankhula pakamwa ndimathera kukalipa, umandidziwa. Ndiye khala pansi uwerenge.

Ndiyambe ndi za Lamlunguzo. Titabwerako ku Misa ku Kasisi, anthu atadzaza pakhonde kudzatsanzikana nawe, unatuluka utavala khoti loyera latsopano, dzina lako atalisoka pachifuwa ndi ulusi wabuluu. Azimayi anaimba nthungululu. Ine ndinakufunsa mokweza za bakiteriya wina wa mu labu kuti, "Nanga adokotala, tiuzeni, Proteus inunkha bwanji?" Ndinaseka, ndipo ndinapitiriza kuseka ena onse atasiya. Unalowa m'nyumba n'kuvula khoti lija, mpaka lero sunalivalenso.

Alendo atabalalika, amayi ako aakulu a Zelipa, amene anachokera ku Bundabunda atakunyamulira nkhuku, anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Iwe Esinati, uli na nsanje na mwana wako."

"Asisi, nenze kuseka chabe."

"Nikuziba iwe, ninakupapa kumsana. Kuja sikwenze kuseka. Mwana sangayende na mtima wako wakuda kumbuyo kwake. Tsiku loyenda uzatenga manzi mu kapu, uzakamba vonse vili mumtima, uzalavula pansi pa geti, monga mwamene benze kuchitira amama."

"Ine? Zaka zonse izi niuza odwala TB kuti osalavula pansi, lelo nikalavule pa geti yanga, maneba akuona?"

"Ee, iwe wamene. Maneba nawo bali na bana."

Ndinawayankha kuti ine ndine Mkatolika, ndinapita ku sukulu, zimenezo n'zakumudzi. Iwo anangomanga chitenje n'kupita kukakwera minibasi. Sabata yonseyi mawu awo akhala akundidya. Ndinayesa kudandaulira atate ako, poganiza kuti andiikira kumbuyo, koma iwo anangoti, "Amake Tika, a Zelipa sanama," n'kukweza wailesi.

Ananena zoona, Tika. Ndili nawe nsanje. Ndimakunyadira mpaka anzanga ku ntchito atopa nalo dzina lako, koma ndikaona mabuku ako atsopano ali pa tebulo, mtima umandiwawa ngati wina wandilanda chinthu. Malo anga a digiri yomweyo anapezeka ndili ndi mimba yako, miyendo itatupa, nsapato zosalowa. Sukulu sinandidikire. Malowo anapita kwa Mutinta, mnzanga amene tinkakhala benchi limodzi, ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti anali wanzeru, sindingamunamizire. Ndinati ndidzapita ukasiya kuyamwa, kenako ukayamba sukulu, kenako tikamaliza nyumba ino ya ku Silverest. Lero nyumba yatha, imvi zabwera, wokwera basi ndiwe. Usamve ngati ndikukuimba mlandu. Sunandipemphe kuti ndikubereke, ndipo atandibwezera kumbuyo ndingasankhebe iwe. Koma kusankha bwino sikuletsa mtima kuwawa, ndipo zimenezi palibe amene anandiuza.

Tsopano mvera za ntchito, chifukwa ndi zokhazo ndili nazo zokupatsa. Chinthu choyamba adzakuphunzitsa kudaya mabakiteriya kuti uwazindikire. Umapaka mafinya kapena makhololo pa kagalasi, n'kuumitsa pamoto. Umathirapo utoto wapepo, wofanana ndi chovala cha ansembe pa Lenti, kenako ayodini, kenako sipiriti wotsukira, pomaliza utoto wapinki. Mabakiteriya a khungu lokhuthala amagwira pepo uja osamutaya. A khungu lopyapyala amasuluka n'kutenga pinki. Ukayang'ana mu maikulosikopu umaona mtundu, umaonanso maonekedwe: timadontho kapena timitengo, taunjikana kapena tandandalikana. Dokotala amasankha mankhwala potengera zimene iwe walemba. Nkhani yonse ili pa sipiriti uja. Ukamusiya nthawi yaitali, ngakhale okhuthala khungu amasuluka, ndipo umalemba bodza uli ndi mtima woyera.

Ine ndinalilembapo bodza limenelo, iwe uli ku nasale. Anatibweretsera madzi a mumsana a khanda lochokera ku mafamu a kufupi ndi Kasisi, khosi litauma, liwombo litatupa. Ndikuthira sipiriti pa kagalasi, panja panaima galimoto, ndipo amene anatsikamo anali Mutinta, atabwerako ku digiri, tsopano ali woyendera malabu. Ndinamuyang'ana pa windo kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Nsapatozo ndimazikumbukira mpaka lero, zazitali, zofiirira. Maso ali pa nsapato, sipiriti anali kugwira ntchito yake. Nditaika kagalasi mu maikulosikopu ndinaona timadontho tiwiritiwiri tapinki. Timeneto ndi bakiteriya wa matenda oumitsa khosi amene amafalikira mofulumira. Ukamulemba, onse a m'nyumba mwa mwanayo amayenera kumwa mankhwala, ndipo chipatala chonse chimaima ndi mwendo umodzi. Ndinalemba, ndinasaina, ndinali wokonzeka kukaonetsa Mutinta kuti nafenso otsala timagwira zazikulu.

Amene anandigwira dzanja ndi Ba Chileshe, mkulu wa labu yathu masiku amenewo, bambo wachibemba wosakonda zoyankhulayankhula. Iwo anali ndi lamulo limodzi. Usanadaye chilichonse, uzitenga kamtengo koyera, upale pang'ono m'mbali mwa dzino lako, upake kumapeto kwa kagalasi komweko. M'kamwa mwa munthu aliyense muli mabakiteriya apepo ndi apinki omwe. Ukadaya bwino, pa dzinopo uona mitundu yonse iwiri. Ukaona mtundu umodzi wokha, wolakwa ndiwe, osati wodwala. Ine dzino ndinali nditapala monga mwa masiku onse, koma chifukwa cha liwiro sindinayang'anepo. Ba Chileshe anasuntha kagalasi, anayang'ana, n'kundiitana.

"Mayo, bwerani muone kuno ku dzino. Vonse vapinki. Kansi lelo mukamwa mwanu mwachitika chani?"

Mutinta anali ataima pomwepo. Anangonditengera kagalasi kena n'kundipatsa, ndipo kukoma mtima kwakeko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa. Nditadayanso, timadontho tija tinatuluka tapepo, tosongoka kumapeto, bakiteriya wina, amene amayambitsanso chibayo, wosafalikira chotero. Khanda linalandira mankhwala oyenera n'kuchira, ndipo palibe amene anathamangitsidwa pachabe. Kumene ukupitako adzakupatsa mabakiteriya odziwika kale oyesera utoto, za kupala dzino adzaziseka, mwinanso kukuletsa. Uwamvere. Koma usaiwale chimene Ba Chileshe ankatanthauza, Tika: usanalembe za munthu wina, yamba waona ngati dzanja lako linali bwino tsiku limenelo.

Ukukumbukira kuti bakiteriya woyamba amene unamuona anali wa m'kamwa mwanga? Sukulu inali yotseka, wokusiyira panalibe, ndinapita nawe ku ntchito. Ndinakukweza pa situlu, unatseka diso lolakwika, kenako unakuwa kuti, "Amami, mukamwa mwanu muli vinthu!" Labu yonse inaseka, ndipo madzulo ake unakana kuti ndikupsompsone. Ndikukukumbutsa dala. Ku Ndolako kudzakhala mphunzitsi wina wamagalasi amene adzakuonetsa zodabwitsa, ndipo udzabwera patchuthi ukungoti aphunzitsi athu anati, aphunzitsi athu anati. Munthu ameneyo sindimudziwa koma ndayamba kale kudana naye. Adzakuonetsa zambiri, koma woyamba ndinali ine, usaiwale.

Chachiwiri, chizindikiro chimodzi sichikwanira. Pali awiri amene udzakumana nawo tsiku ndi tsiku, onse timadontho tapepo. Sitafu, wa zithupsa ndi mabala a mafinya, amaunjikana ngati mulu wa masuku pamsika. Sitirepu, wa zilonda za pakhosi, amandandalikana ngati mikanda ya korona. Koma pa kagalasi nthawi zina mulu umamwazika, mikanda imaduka, ndiye timawasiyanitsa ndi dontho la mankhwala otchedwa perokisaidi: Sitafu amachita thovu, Sitirepu amangoti zii. Tsiku lina, ndikutola bakiteriya pa mbale yomeretsera, ndinakanda mwamphamvu n'kutengera pamodzi ndi magazi amene timasakaniza m'chakudya chawo. Magazi nawonso amachita thovu. Ndinaona thovu, ndinalemba Sitafu, osayang'ananso china. Tsiku lotsatira, poyesa ngati akuundanitsa madzi a m'magazi monga Sitafu woopsa amachitira, panalibe chochitika, ndipo nditabwerera ku mbale ndinapeza timagulu ting'onoting'ono ta Sitirepu tikundiyang'ana. Ndinayenda ndekha mpaka ku wodi kukabweza pepala langa pamaso pa manesi. Uzifunsa mtundu, maonekedwe, kameredwe pa mbale, ndi zimene bakiteriyayo amadya. Zonse zikagwirizana ndiye ulembe dzina.

Mbale zimenezo udzazikonda, ndipo apa ndiye nsanje yanga yafika pakhosi, chifukwa iwe ukaziona koyamba pamene ine ndinazizolowera kale. M'mawa ukatsegula kabati yofunditsira, aliyense amakhala atavala zake. Sitafu wameramo timadontho tachikasu ngati golide. Klebsiella ndi wonanda, ukamukhudza ndi kawaya amatamuka ngati delele. Pseudomonas wa m'mabala a moto amadaya mbale yonse kukhala yobiriwira. Pa mbale ya zam'mimba, E. coli amatuluka wapinki chifukwa amadya shuga wa mu mkaka, pamene wa taifodi ndi wa kamwazi amakhala otuwa poti shugayo sawakhudza. Proteus sakhala malo amodzi, amayenda mbale yonse m'mizeremizere n'kukwirira anzake. Wa kolera ukamuika m'dontho la madzi ali wamoyo, wokhota ngati chikwakwa, amathamanga mwakuti diso limalephera kumutsatira. Nthawi ya mvula ina, matenda otsegula m'mimba atavuta, ndinamuona koyamba ndipo ndinaiwala kuopa, ndinangokhala ndikuyang'ana. Kunja anthu anali atagona pa mabenchi, ine mkati ndikusirira. Ndinachita manyazi pambuyo pake. Kukongola kwa pa mbale kusakuiwalitse kuti mwini wa chimbudzicho ali panja akudikira.

Za fungo tsopano, popeza ndi pamene ndinakuchititsira manyazi. Ife akale tinkanunkhiza mbale. Pseudomonas amanunkhira ngati zipatso zakupsa, Proteus amanunkha ngati kapenta wonyowa amene waiwalika m'thumba. Yankho la funso langa ndi limenelo. Ine mphuno yanga ndinkainyadira, ndinkatchula dzina ndisanayang'ane n'komwe, mpaka tsiku lina ndinatsegula mbale ya munthu wa malungo osamva mankhwala, woweta ng'ombe wa kumudzi, n'kukoka mpweya wake wonse. Panalibe fungo lililonse. Patapita masabata ndinayamba kutentha thupi, kutuluka thukuta, mafupa kuphwanya. Anali bakiteriya wa mu mkaka wosawiritsa, amene amalowera ngakhale m'mphuno. Ndinamwa mankhwala kwa nthawi yaitali, iwe anakutenga a Zelipa kukakusunga ku Bundabunda, ndipo unabwerako ukuwatchula iwo kuti amami. Zimenezonso zinandiwawa, ndinakhala mwezi osawayankhula bwino munthu amene anandithandiza. Choncho usanunkhize mbale, Tika, ngakhale wina wamkulu akuuze kuti ndi mmene timachitira. Ndipo ona chimene ndinachita Lamlungu: pa mafunso onse ndinasankha lokhalo limene sukanalidziwa, limenenso sindifuna kuti udzalidziwe ndi mphuno yako. Ndinkafuna anthu aja aone kuti chilipo chimene mayi wa satifiketi akudziwa, chimene mwana wa khoti latsopano sakudziwa. Pepa mwana wanga.

Chomaliza ndi kudekha. Bakiteriya wa TB salola utoto wamba. Timamudaya ndi wofiira, n'kutenthetsa, kenako n'kutsuka ndi asidi. Zina zonse zimasuluka n'kutenga buluu, iye yekha amatsala wofiira, kamtengo kowonda kopindika pang'ono. Vuto lake amabisala. Kagalasi konse kakhoza kukhala ndi tiwiri kapena titatu tokha. Lachisanu lina ndinkathamangira minibasi isanadzaze, ndinayang'ana mwachidule makhololo a bambo wina wowotcha makala, ndinalemba kuti mulibe. Anabwereranso mvula itayamba, atatha thupi, atagwira mwana wake dzanja, nayenso akutsokomola. Nthawi imeneyo sindinavutike kufufuza, kagalasi konse kanali kofiira. Anachira onse awiri, koma miyezi imene anataya ija anaitaya chifukwa cha minibasi yanga. Masiku ano kuli makina amene amamupeza mwachangu, ndipo makinawo amandiposa, ndikuvomera ngakhale monyinyirika. Koma magetsi amazima, makina amaima, ndipo udzabwerera ku diso lako. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu akuti mulibe uziwaopa kuposa akuti alimo, chifukwa ukalemba mulibe, munthu amapita kwawo.

Udzakumana ndi a Mutinta akoako kumeneko. Wina adzakhoza kuposa iwe, wina adzatumizidwa kunja iwe n'kutsala. Sindikuuza kuti usadzamve nsanje, chifukwa ndiwe mwana wanga ndipo magazi ndi omwewo. Ndikungoti ikakugwira, ika kagalasi pansi, tuluka panja, usasaine chilichonse mpaka manja atakhala ako. Ndipo pita kwa munthuyo ukamufunse mmene anachitira. Safunsa anadya phula. Ine kwa Mutinta sindinafunsepo kalikonse zaka zonsezi, ngakhale ankandisiyira mabuku ake pa benchi, ndipo wotsalira ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Ukaphunzira chinthu chimene ine sindichidziwa, ndipo sipatenga nthawi, undiimbire foni undiphunzitse. Ndidzatsutsa. Ndidzati ife kale sitinkatero. Mwina ndidzadula foni n'kunamizira netiweki. Iwe uimbenso. Ndikuopa kuti chifukwa cha Lamlungu lija udzayamba kundibisira zimene ukudziwa pofuna kundisunga mtima, tizidzangokamba za mvula ndi mtengo wa ufa ngati anthu okumana pa siteshoni. Zimenezo ndiye zingandiphe. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo usamuopenso kumuposa.

A Zelipa ndawaimbira m'mawa uno. Ndinangoti, "Asisi, manzi yake niyotentha olo yozizira?" Anaseka mpaka kutsokomola, akuti alionse, bola mawu akhale oona. Akuti anyamuka m'bandakucha kuti adzaone ndi maso awo, chifukwa sakundikhulupirira.

Ndiye mawa usanakwere galimoto ya atate ako yokuperekeza ku basi, uvale khoti lija. Ndalipeza pansi pa sutikesi pamene unalibisa, ndalisita, lili pa chitseko cha chipinda chako. Kapu ndaiika kale pa windo la kukhitchini. Tikafika pa geti ndidzanena mokweza, maneba amve ngati akufuna, kuti ine Esinati ndinamuchitira nsanje mwana wanga chifukwa akupita kumene ine sindinafike, ndipo ndikuti apite, akafike, akandipose. Kenako ndidzamwa madziwo n'kulavula pansi. Udzafuna kuseka, kapena kudumpha chammbuyo monga mwana wa munthu wa mu labu. Usasunthe, Tika. Ima pomwepo ngakhale madontho akugwere pa nsapato. Zimene zili m'kamwa muno ndaziyang'ana m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi, zapepo ndi zapinki zomwe, ndipo palibe chimene chingakudwalitse. Chimene chikanakupweteka n'chimene ndidzakhale ndikuchitulutsacho.

Ndine mayi ako,
Esinati